Mlendo ndi Mame: Mawu kwa Mipingo ndi Mabungwe a ku Ndirande

Amene amati ku Ndirande anthu saopa Mulungu sanayendeko Lamulungu m'mawa. Kuchokera pa Chinseu kukafika ku Makata, kukwera ku Malabada, kudutsa ku Safarao ndi ku Goliyo, simungayende mtunda wautali osamva kwaya, ng'oma kapena chimkuzamawu. Matchalitchi ena ndi a njerwa zootcha, omangidwa ife tili anyamata. Ena ndi a malata okhaokha, ena amabwereka kalasi pasukulu, ndipo ena amakwera m'phiri kukapemphera pathanthwe. Lachisanu masana abale athu Achisilamu nawo amadzaza mizikiti. Onjezerani pamenepo zikwangwani za mabungwe othandiza ana amasiye, achinyamata, amayi ndi odwala. Munthu wofika kumene angaganize kuti dera lokhala ndi abusa ndi mabungwe ochuluka chotere mwana sangagonemo ndi njala. Koma chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Pa unyinji wonsewu, mayi wamasiye wa ku Matope angaloze ndani n'kunena kuti uyu ndiye anandigwira dzanja mwamuna wanga atamwalira, ndipo mpaka lero sanandisiye?

Sindikulankhula ngati mdani wa mpingo. Mzinda wa Blantyre weniweniwo ndi mwana wa mpingo. Amishoni a Church of Scotland atakhazikika m'dera la mfumu Kapeni mu 1876 sanabwere ndi ulaliki wokha. Anatsegula sukulu, anayamba kupereka mankhwala, anaphunzitsa anthu ukalipentala, kusindikiza mabuku ndi kuumba njerwa. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene alendo amabwera kudzajambula mpaka lero, chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi manja a makolo athu amene anaphunzirira umisiriwo pantchito pomwepo, motsogozedwa ndi David Clement Scott, mbusa amene sanapite kusukulu ya zomangamanga. Choncho mbusa wa lero akamaganiza kuti kudyetsa ana, kuphunzitsa luso ndi kusamala odwala ndi zinthu za mabungwe, iye yake ndi guwa basi, ndiye kuti sakudziwa kumene mpingo wa mumzinda muno unachokera.

Ndirande anakula ngati kogona anthu amene tauni inkawafuna masana koma osawafuna usiku: ophika m'nyumba za azungu, alonda, amtengatenga, kenako antchito a m'mafakitale a ku Makata. Palibe amene anayamba wayeza misewu, kukumba ngalande kapena kuyala mapaipi. Nyumba zinabwera poyamba, zina zonse n'kumatsatira pambuyo, ndipo zina mpaka pano sizinafike. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mumzinda wa Blantyre, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'madera otere: Ndirande, Mbayani, Bangwe, Chilobwe, Chirimba, Kachere.

Kumudzi munthu sasowa pothawira. Pali mwinimbumba, pali amalume, pali ankhoswe ndi anyakwawa, ndipo maliro akagwa adzukulu amadziwa okha kumene kuli makasu. M'tauni mulibe zimenezo. Wa lendi wochokera ku Mulanje amagawana khonde ndi wa ku Karonga, bafa ndi wa ku Nsanje, ndipo mwezi ukatha wina amasamuka usiku osatsanzika chifukwa cha ngongole ya nyumba. Chimene chinalowa m'malo mwa mbumba ndi mlaga wa a CCAP, limana kapena mphakati wa Akatolika, Mvano, Dorika, Mothers' Union, magulu a dawa a amayi Achisilamu. Mwana akamwalira pakati pa usiku, bungwe la ku ofesi limamva mawa lake, kapena silimva n'komwe. Amene amafika kusanache ndi amayi a mumlaga, wina atasenza nkhuni, wina kambale ka ufa, wina mphasa. Amagona pasiwa, amaimba mpaka mbandakucha, amasonkha chipepeso, ndipo ngati malirowo akupita kumudzi, akulu ampingo ndi amene amayendayenda kufuna galimoto. Ntchito imeneyi ilibe chikwangwani, siilembedwa mu lipoti, ndipo palibe nduna inabwerapo kudzaitsegulira. Koma ndiyo yakhala ikuchirikiza Ndirande kwa zaka zonsezi.

Achinyamata a lero sanaone zimene tinaona ife pakati pa 1985, pamene Edzi inapezeka koyamba m'dziko muno, ndi 2004, pamene boma linayamba kupereka ma ARV aulere. Zaka zimenezo m'zipatala odwala ankagona pansi, ena kunsi kwa mabedi, ndipo achibale ankauzidwa kuti mutengeni mukamusamalire kunyumba, aliyense n'kumva tanthauzo lake. Kunyumbako kunali chipinda chimodzi cha lendi, ana ali momwemo. Okhoma mabokosi ndi amene malonda awo ankayenda. Amene ankalowa m'zipinda zimenezo kukasambitsa munthu wothera thupi, kumutembenuza, kumuchapira nsalu ndi kumumwetsa phala ndi supuni anali amayi a mipingo, poyamba opanda magolovesi, opanda malipiro, ena a iwo akudwala okha mwakachetechete. Pa guwa, tinene zoona, mawu sankakoma nthawi zonse. Panali alaliki amene ankati matendawa ndi chilango, ndipo anthu ankafa mobisala chifukwa cha manyazi amene anakawatenga kutchalitchi. Mpingo womwewo unkalasa ndi pakamwa Lamulungu, n'kumapoletsa ndi manja Lachiwiri.

Mabungwe atabwera anachita zabwino zambiri, ndipo wokana zimenezo ndi wosayamika. Anabweretsa magolovesi, sopo, njinga zonyamulira odwala, maphunziro a kasamalidwe ka odwala kunyumba, ndi kulimba mtima kwakuti matendawa atchulidwe dzina poyera. Paja mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Koma anabweretsanso alawansi. Munthu amene dzulo ankasambitsa wodwala chifukwa cha chifundo anaphunzira kuti kukhala pampando muholo tsiku lonse, kumwa zoziziritsa kukhosi ndi kusaina pepala kumabweretsa ndalama, pamene ntchito yeniyeniyo sibweretsa kanthu. Sindikuwanyoza, nawonso ali ndi ana ofuna nsima. Koma lero itanani anthu kuti tikatsegule ngalande yotsekeka ndi majumbo, funso loyamba ndi lakuti, kodi pali kangachepe? Ngalandeyo ili kuseri kwa nyumba yawo yomwe, ndipo udzudzu wake ukuluma ana awo.

Akulu omwewo amene anayamikira kalumo ka mlendo ananenanso kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Pulojekiti imakhala ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera, kawirikawiri zaka zitatu kapena zisanu, ndipo tsikulo silisankhidwa ku Ndirande. Tinaziona mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake lopita kumayiko akunja. Ogwira ntchito m'mapulojekiti ambiri a zaumoyo anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba, galimoto zinaima, ndipo pofika mu Julaye chaka chomwecho bungwe la USAID, limene kwa zaka makumi angapo linali mzati wa ntchito zambiri m'dziko muno, linali litatsekedwa. Palibe wa ku Goliyo amene anafunsidwa maganizo. Kwacha nayo inali itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti ndalama imene mpingo unasonkhera matumba a ufa inabwerako ndi ochepa kuposa amene anawerengera. Sindikunena kuti tikane thandizo, wokana thandizo ali ndi njala ndi wamisala. Ndikunena kuti tizidziwa chathu ndi chiti. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Ntchito zimene zakhalitsa mumzinda muno ndi zimene mlendo anabweretsa chimene eni dera analibe, eni dera n'kuikapo chimene ali nacho. Taonani phala la m'sukulu. Bungwe la Mary's Meals linayamba mu 2002, chaka cha njala ija, pamene Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland anayamba kudyetsa ana pafupifupi 200 m'dziko muno. Lero ana oposa 1 miliyoni a ku Malawi amamwa phala lake tsiku lililonse la sukulu. Bungwe limabweretsa ufa wa Likuni Phala, miphika ndi mbaula. Amene amadzuka kukadali mdima kukasonkha moto ndi kutakasa mphika wotalika kufika m'chiuno ndi makolo a m'deralo, makamaka amayi, mosinthanasinthana, osalandira malipiro. Ndipo ngakhale bungwelo likutchedwa dzina la Mariya, mwana wa Msilamu ndi mwana wa munthu wosapemphera amaima pamzere womwewo ndi kapu yofanana. Palibe amene amafunsidwa kumene amapemphera asanamwe.

Nkhani ya madzi ndiyo imandiphunzitsa kwambiri. Madzi ambiri a mumzinda muno Blantyre Water Board imawapopa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, kuwakweza chitunda makilomita ambirimbiri ndi magetsi okwera mtengo, choncho chidebe chilichonse chili ndi mtengo wake. M'madera ngati athu madziwa amagulitsidwa pamakiyosiki. Panali nthawi imene makiyosiki ambiri anali m'manja mwa timakomiti tolamulidwa ndi anthu a zipani. Amayi ankalipira chidebe chilichonse, koma ndalama sinkafika kumene imayenera kupita. Ngongole inkakwera, madzi n'kudulidwa, amayi aja n'kubwerera kumtsinje wa Nasolo ndi kuzitsime zosavindikira. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000 kunakhazikitsidwa mabungwe a eni madzi, ma Water Users Association, mothandizidwa ndi mabungwe monga Water For People. M'mabodi ake munalowa mafumu, atsogoleri a zipembedzo ndi anthu amalonda. Ogulitsa madzi analembedwa ntchito ya malipiro, mita inayamba kuwerengedwa n'kufananitsidwa ndi ndalama yotoleredwa, ndipo ngongole zakale zinayamba kubwezedwa pang'onopang'ono. Sikuti mavuto anatha, mipopi imaumabe. Koma mapaipi anali omwe aja, madzi omwe aja, anthu omwe aja. Chimene chinasintha ndi chakuti ndalama inayamba kuwerengedwa pamaso pa anthu.

Ku Chilomoni a bungwe la Beehive anasankha njira ina: kuchita malonda, monga kubwereketsa makina omangira ndi kugulitsa njinga ndi mabuku, kuti phindu lake lizithandizira malo osamalira ana ndi sukulu zophunzitsa luso. Chisomo Children's Club, imene inabadwira mu mpingo wa Living Waters mu 1998, inaona kuti mwana wa mumsewu sasowa mbale ya nsima yokha ayi, ndipo inaika mtima pa kumubwezera kwa abale ake ndi kusukulu.

Tsopano ndilankhule nanu, abusa, abambo mfumu, mashehe ndi akulu ampingo, inu amene mumagona komweko ndipo pulojekiti ikatha mumatsala. Nyumba yaikulu kuposa zonse m'dera lililonse la Ndirande ndi nyumba yopemphereramo. Ili ndi denga losadontha, mabenchi, magetsi, nthawi zina mpopi ndi zimbudzi. Imagwira ntchito maola ochepa pa sabata, nthawi yotsalayo ili ndi loko, mlonda akuwodzera pakhomo. Kuseri kwa mpanda wake mwana wa Folomu 4 akuwerengera mayeso a MSCE pa kandulo, m'chipinda chimene banja lonse likugona, wailesi ya aneba ikulira. Mayi wogulitsa tomato pamsika wasiya mwana wa zaka zitatu m'manja mwa wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mipingo ina inazindikira kale, ili ndi sukulu za mkombaphala ndipo imalola magulu a banki m'khonde kukumana pakhonde la tchalitchi. Yambiri sinatero. Mayankho ake ndimawadziwa, ndawamva m'misonkhano ya akulu ampingo: ana athyola mabenchi, bilu ya magetsi ikwera, nyumba ya Mulungu si msika. Benchi lothyoka kalipentala amalikhoma tsiku limodzi. Ndipo chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika.

Za ndalama ndinena mosapsatira. Akhristu a ku Ndirande ndi owolowa manja kuposa mmene anthu amaganizira. Amapereka chakhumi kuchokera pa phindu la mandazi, amapereka masika, amavina pa Pepa Sande mpaka kathumba kutha. Kodi ndalama imeneyo imabwerera bwanji m'dera limene yachokera? Matailosi aikidwa, zimkuzamawu zatsopano zagulidwa, galimoto ya abusa yasonkheredwa. Sizoipa zonsezo, mbusa woyenda pansi kukaona odwala m'matope nayenso ndi womvetsa chisoni. Koma thumba la amasiye ndi odwala limakhala la zotsala, ndipo m'mipingo yambiri palibe mkhristu wamba amene angakuuzeni muli zingati. Msungichuma aziimirira kutsogolo miyezi itatu iliyonse, awerenge zolowa ndi zotuluka, atchule kuti pa kwacha iliyonse yoperekedwa ndi matambala angati amene anapita kwa osowa. Ngati chiwerengerocho chikuchititsa manyazi kuchinena pagulu, vuto silili pa kuchinenako.

Chinanso chimene chimandiwawa ndi khadi la mpingo. Thandizo likabwera kudzera kutchalitchi, mndandanda umayamba ndi amene amapereka bwino, kenako amene amabwera kawirikawiri, ndipo gogo wa kuseri kwa mpanda amene amapemphera kwina, kapena anasiya kupemphera chifukwa alibe chovala, satchulidwa. Ena amachita kuonjeza, thumba la ufa n'kukhala nyambo yokokera anthu kumpingo wawo. Munthu wanjala avomera chilichonse, aimba nyimbo zanu mpaka ufawo utatha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Mwana amene mwamudumpha pamndandanda lero ndi amene adzakuimitseni pamlatho usiku zaka khumi zikubwerazi, kapena ndi amene akanadzakhala namwino wokulandirani kuchipatala.

Kolera ija inayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno inationetsa china chimene sitikonda kuchikamba. Blantyre anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, mpaka sukulu za mumzinda muno ndi ku Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Tinapemphera, tinagawa mankhwala othira m'madzi, tinaika zidebe zosambira m'manja pakhomo la tchalitchi. Zabwino. Koma kodi eni nyumba za lendi, zija za zitseko khumi pa chimbudzi chimodzi chodzadza, ndi ndani? Ambiri a iwo amakhala pabenchi lakutsogolo. Ena ndi akulu ampingo, ena ndi apampando a makomiti a chitukuko, ena ndi amene amagula mbuzi pa Pepa Sande pamtengo wa ng'ombe. Mpingo umadziwa kuimika munthu pa mgonero chifukwa cha chigololo kapena mowa. Sindinamvepo mwini nyumba ataitanidwa ndi akulu ampingo chifukwa chokana kukumbira alendi ake chimbudzi, kapena chifukwa chotsegulira zonyansa mumtsinje mvula ikamagwa. Komatu zimenezo zimapha ana a anthu.

Palinso alaliki amene amauza wodwala kuti wachira, ataye ma ARV, ndi ena amene amagulitsa madzi ndi mafuta odzozera kwa mayi amene alibe ya ufa. Mipingo yokhazikika imangoyang'ana kumbali, akuti si nkhosa zathu. Koma wodwalayo akafooka amabwerera kwa mayi ake, ndipo amene amadzagona pasiwa pake ndi amayi a mumlaga wanu. Mutchuleni mchitidwewo pa guwa momveka, ndipo muitane mlangizi wa zaumoyo adzalankhule pambuyo pa ulaliki. Mphindi khumi sizichepetsa Mzimu Woyera.

Kwa inu a mabungwe, ana anga ophunzira bwino amene mumabwera pa galimoto yolembedwa pachitseko n'kubwerera kutauni dzuwa lisanalowe, safunsa anadya phula. Musanapange komiti yatsopano yokhala ndi malaya a dzina lanu, funsani kuti m'derali amene amasambitsa odwala ndi ndani, amene amasunga ndalama za maliro osasowetsa tambala ndi ndani. Alipo kale, ndipo adzakhalapo inu mutapita. Komiti yopangidwa chifukwa cha pulojekiti imafa tsiku limene alawansi yatha, n'kusiya udani pakati pa amene anasankhidwa ndi amene anasiyidwa. Lamulo la mabungwe omwe si a boma, limene linakonzedwanso mu 2022, limakulamulani kupereka malipoti a chuma ku NGORA, bungwe loyang'anira mabungwewa, ndipo madona anu amafuna malipoti awo pa nthawi yake. Nanga anthu amene dzina lawo munapemphera ndalamazo? Auzeni pamsonkhano woyamba kuti mwabwera ndi zingati, zingati zipita ku malipiro ndi mafuta a galimoto, zingati zifika pansi, ndipo mudzachoka liti. Anthu a ku Ndirande amachita malonda tsiku ndi tsiku, amadziwa kuti galimoto siyendera madzi. Chimene chimawapweteka ndi kubisiridwa. Ndipo kamera ija, chonde. Gogo wolandira bulangete si chithunzi cha pa Facebook. Ali ndi ana ndi zidzukulu amene adzachiona.

Nafenso eni dera tili ndi mlandu wathu. Tazolowera kufunsa mlendo aliyense kuti watibweretsera chiyani, mpaka ena kulembetsa mayina awiri pa mndandanda umodzi. Patsepatse n'kulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha. Amayi a ku Mtandire ku Lilongwe atayamba kusunga timakobidi tsiku ndi tsiku mu 2003, mogwirizana ndi bungwe la CCODE, anthu ankawaseka. Gulu lawo linafalikira m'mizinda ina, ndipo kuno ku Blantyre mamembala ake anamanga nyumba zawo ku Angelo Goveya, akuumba okha zidina. Anayamba ndi kabuku ndi ndalama yotsala pogula makala.

Usiku wa pa 12 kucha 13 Malichi 2023, namondwe wa Freddy anatsitsa napolo m'phiri la Soche. Miyala ndi matope zinakwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja anthu ali mtulo, ndipo madera ena a mumzinda muno, Ndirande yemwe, anaonongekanso. M'chigawo chonse chakummwera akufa ndi osowa anaposa 1,000, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Oyamba kufukula anzawo anali aneba, ndi makasu, mafosholo ndi manja. Sukulu monga Naotcha, matchalitchi ndi mizikiti zinatsegula zitseko. Amalawi wamba anasonkha zovala, ufa ndi ndalama mwachangu chimene ndinanyadira nacho. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako, ndipo anthu anazimiradi.

Koma amene anali pafupi anaonanso chisokonezo. Msasa wa m'mbali mwa msewu unkalandira kangapo pa tsiku, wa kumtunda kosafika galimoto n'kugona ndi njala. Mpingo uliwonse unali ndi mndandanda wake, bungwe lililonse wake, mfumu wake, khansala wake. Palibe amene ankadziwa kuti m'nyumba yakutiyakuti munali nkhalamba yosayenda, kapena munthu amene mankhwala ake a tsiku ndi tsiku anapita ndi madzi. Komatu chenjezo linalipo. Ku Chilobwe madzi anali ataphako kale anthu mu Januwale 2015. Mitengo ya m'phiri la Ndirande inatha m'zaka zoyambirira za m'ma 1990, nthawi ya kusintha kwa ndale, ndipo chiyambire pamenepo nyumba zakhala zikukwera phiri chaka ndi chaka, zina n'kutsikira m'mphepete mwenimweni mwa Nasolo. Ena mwa omanga m'malo oopsawo ndi mipingo yomwe. Nkhanga zinapangana kusanapse. Ife timapangana utsi uli kale m'maso.

Pa izi zonse boma lisapezerepo pobisala. Kutola zinyalala, kukonza ngalande, kugawa malo abwino omangapo ndi kuletsa kumanga m'malo oopsa ndi ntchito ya khonsolo ya mzinda ndi boma, ndipo anthu amalipira misonkho ndi ziphaso za pamsika tsiku lililonse. Mpingo wophika phala uyeneranso kufunsa chifukwa chimene ana akubwerera kusukulu ndi njala. Kalata ya maepiskopi Achikatolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 inakamba za malipiro ochepa, za sukulu ndi zipatala zosakwanira, ndi za mantha amene anatseka anthu pakamwa. Chaka chomwecho mipingo ina ndi Asilamu anagwirizana nawo mu Public Affairs Committee, ndipo pa 14 Juni 1993 dziko linavota pa riferendamu. Mphamvu imeneyo inachokera pa kuyankhula ndi mawu amodzi. Lero wandale amafika ndi matumba a simenti chaka cha chisankho, amapatsidwa mpando pafupi ndi guwa, ndipo kwa zaka zisanu mpingowo sungamufunse za mlatho. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Pempho langa ndi laling'ono ndipo silifuna dona. Mwezi wa Okutobala, mvula isanayambe, atsogoleri a zipembedzo zonse za m'dera limodzi, kaya ndi Malabada, kaya ndi Makata, akhale pansi pamodzi ndi mafumu, khansala, alangizi a zaumoyo, aphunzitsi aakulu ndi mabungwe amene akugwira ntchito kumeneko. Amayi a Mvano, a Dorika, a m'malimana ndi a dawa asabwere kudzaphika, abwere kudzalankhula, chifukwa ndi amene amadziwa khomo lililonse. Alembe kaundula mmodzi wa nkhalamba zokhala zokha, olumala, odwala matenda a mgonagona ndi nyumba zimene mutu wake ndi mwana. Agwirizane kuti madzi akasefukira anthu a mbali iyi adzathawira nyumba yopemphereramo iti, makiyi amasunga ndani, nambala yake ya foni ndi iti, zimbudzi zilipo zingati, amayi ndi atsikana adzagona chipinda chiti. Ayende limodzi kukaona ngalande zotsekeka ndi nyumba zimene zili m'njira ya madzi, kenako alembe kalata imodzi yopita kukhonsolo, yosainidwa ndi onse.

Padzakhala kukangana za amene akhale wapampando, za pemphero lotsegulira kuti apemphere ndani, za mpingo waukulu umene udzafune kuti zonse zichitikire kwawo. Upampando uzizungulira chaka ndi chaka, ndipo atsegule shehe, atseke mbusa, chaka chinacho asinthane. Kalata yoitanira anthu inene poyera kuti sipadzakhala alawansi kapena chakudya, aliyense adye kwawo. Ena sadzabwera chifukwa cha mawu amenewo. Amene adzabwerewo alembedwe mayina, agawane madera oti akayendere, ndipo apangane tsiku lokumananso mwezi wa Novembala usanathe.